America, China, Russia ndi ife: mafunso ndi mayankho pa mkangano wa mayiko amphamvu, kugawikana kwathu ndi kukonza boma

Nkhani za America, China ndi Russia zikukambidwa paliponse masiku ano: m'minibasi, pa bawo, m'magulu a WhatsApp a pabanja ndi a kumpingo. Ena ali kumbali ya a Trump, ena ya a Putin, ena akuti tsogolo lili ku China basi. Pano ndasonkhanitsa mafunso amene amabwerabwera pa macheza otere, ndipo ndawayankha monga ndikuonera ine, Mmalawi amene nkhanizi zimamusowetsa tulo.

Kodi mayiko amphamvuwa akulimbirana chiyani kwenikweni?

Akulimbirana misika, luso lamakono, miyala ya pansi pa nthaka, njira za panyanja ndi mavoti ku bungwe la United Nations. Zaufulu, zamtendere ndi zaubale zimene atsogoleri awo amalankhula pa misonkhano zimadza pambuyo pa zimenezi.

China inapitirira Japan mu 2010 n'kukhala dziko lachiwiri pa chuma, ndipo kuyambira 2009 palibe dziko lina limene limachita malonda ochuluka ndi Africa kuposa ilo. Apa America inaona kuti mpando wake wayamba kugwedera. Mu 2018 a Donald Trump anakweza msonkho pa katundu wochokera ku China. A Joe Biden atalowa sanautsitse, anawonjezeranso chiletso choti China isamagulitsidwe tizipangizo tamphamvu kwambiri ta m'makompyuta. Zipani ziwiri za ku America zimakangana pa chilichonse, koma pa nkhani ya China zimamvana.

Africa akulowamo chifukwa cha chuma cha m'nthaka mwake. Mabatire a mafoni ndi a magalimoto oyendera magetsi amafuna cobalt, ndipo pafupifupi magawo 7 mwa 10 a cobalt yense amakumbidwa ku DRC. Mawaya a magetsi amafuna kopa wa ku Zambia ndi ku Katanga. Palinso miyala yotchedwa rare earths yopangira maginito a m'mainjini ndi m'zida zankhondo, yomwe pafupifupi 90 peresenti imayengedwa ku China. Onjezeranipo mavoti: mwa mayiko 193 a United Nations, 54 ndi a mu Africa.

Russia chuma chake n'chochepa poyerekeza ndi anzake awiriwo, koma ili ndi zida, tirigu, mafuta ndi fetereza, komanso asilikali aganyu amene agwira ntchito ku Mali ndi ku Central African Republic, ndipo mu 2019 anafikako ku Cabo Delgado, kwa anansi athu a ku Mozambique.

Ine ndimalima chimanga ndi soya ku Mchinji. Zimenezi zikundikhudza pati?

Zikukukhudzani pa thumba la fetereza. Russia itathira nkhondo Ukraine mu February 2022, mitengo ya fetereza, tirigu ndi mafuta inakwera padziko lonse. Ife zonsezi timagula kunja ndi madola, n'kuzikoka pa msewu kuchokera ku Beira, Nacala kapena Dar es Salaam. Madolawo atasowa, kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu May 2022, kenako ndi 44 peresenti mu November 2023, patangotsala masiku ochepa kuti IMF ivomereze ngongole ya madola 175 miliyoni. Mgwirizanowo unafera m'njira mu May 2025 titangolandirako madola 35 miliyoni.

Zikukukhudzaninso kuchipatala. Ntchito yolimbana ndi HIV kuno yakhala ikutsamira pa ndalama za Global Fund ndi za PEPFAR, thumba limene America inakhazikitsa mu 2003. Mu January 2025 a Trump anaimitsa thandizo lakunja, ndipo pofika July bungwe la USAID linali litatsekedwa. Ambiri ogwira ntchito za umoyo m'mabungwe anabwerera kunyumba. Nayo Britain inalengeza kuti ichepetsa thandizo kuti ndalamazo zipite ku zida zankhondo. Ndipo mu August 2025, Malawi ndi Zambia anakhala mayiko oyamba amene nzika zake zinauzidwa kuti zizipereka chikole chofika madola 15,000 pofuna viza yokacheza ku America.

Komabe, bambo, ndingakunamizeni nditati mavuto onse anachokera kunja. Chaka chomwecho cha 2022, ndalama zokwana K750 miliyoni zogulira fetereza wotsika mtengo wa pulogalamu ya boma ya AIP zinaperekedwa kwa kampani ina ya ku Britain imene ntchito yake inali yogulitsa nyama. A Putin sanasaine nawo cheke chimenecho.

Kodi kulimbirana kumeneku kwayamba liti? Kale kunalibe?

Kunalipo, ndipo Malawi anabadwira m'kati mwake. Patangopita miyezi iwiri tilandire ufulu mu 1964, nduna zinasemphana ndi Kamuzu. Nkhani zinali zingapo: tiki (mapeni atatu) imene odwala anauzidwa kuti azilipira kuchipatala, kuchedwa kokweza anthu akuda pa maudindo, ubale ndi Apwitikizi a ku Mozambique. Ina inali ya China. A Kanyama Chiume, nduna ya zakunja, ndi anzawo ankafuna kuti tizindikire boma la ku Beijing, lomwe linali litalonjeza thandizo. Kamuzu anakana. Ndunazo zinathawira kunja, ndipo dziko linalowa mu ulamuliro wa munthu mmodzi kwa zaka 30.

Kamuzu anasankha mbali yake poyera. Anapalana ubwenzi ndi Taiwan mu 1966 ndi South Africa ya tsankho mu 1967, ndipo ngongole yoyambira kumanga likulu la Lilongwe inachokera ku Pretoria. A Kenneth Kaunda anatenga njira ina. Azungu a ku Rhodesia atadzilengeza okha ufulu mu 1965, Zambia inafuna njira ina yotulutsira kopa. Mayiko a azungu anakana kumanga njanji ya ku Dar es Salaam. China inavomera, ndipo TAZARA, ya makilomita 1,860, inamangidwa kuyambira 1970 mpaka 1975.

Mtengo wa mkanganowo tinaulipira tonse. Nkhondo ya Frelimo ndi Renamo, imene inkasonkhezeredwa ndi zida zakunja, inadula njanji zathu za ku Beira ndi Nacala, n'kutibweretsera othawa kwawo pafupifupi 1 miliyoni.

Chimene chimandikhudza kwambiri ndi ichi. Zaka zonse zimene anthu ankatsekeredwa ku Mikuyu popanda mlandu, mayiko a azungu ankadziwa, koma ndalama zinkabwerabe chifukwa Kamuzu ankadana ndi chikomyunizimu. Soviet Union itagwa mu 1991, ntchito yake kwa iwo inatha. Maepiskopi a Katolika anatulutsa kalata yawo mu March 1992, a Chakufwa Chihana anamangidwa mu April, ndipo mu May mayiko otithandiza anakumana ku Paris n'kuimitsa thandizo. Riferendamu inachitika pa 14 June 1993. Ufuluwo anaumenyera ndi Amalawi, ena anaufera, koma azungu anayamba kumva kulira kwathu pamene zofuna zawo zinasintha.

Nanga bwenzi lenileni ndani, China kapena azungu?

Funsoli limandivuta chifukwa mayiko sachita chibale monga timachitira pamudzi. Aliyense amabwera ndi chake chimene akufuna, ndipo aliyense wasiyapo zabwino ndi zoipa.

A Bingu wa Mutharika anasiya Taiwan n'kugwirana chanza ndi Beijing kumapeto kwa 2007. Zotsatira zake tikuziona ndi maso: Nyumba ya Malamulo, msewu wa Karonga–Chitipa, BICC, yunivesite ya MUST ku Thyolo, bwalo la masewero la Bingu. Zina zinali mphatso, zina ngongole. Taiwan nayo inali itatimangira chipatala chachikulu cha Mzuzu. China imamanga msanga ndipo sifunsa za zisankho kapena za ufulu wa atolankhani. Chimene imafuna n'choti musazindikire Taiwan, makampani ake apeze ntchito, ndipo ku United Nations musaichititse manyazi. Koma funsani anthu a ku Kitwe: mu February 2025 damu la zonyansa za mgodi wa kampani ya ku China linaphulika ku Chambishi, asidi n'kulowa mu mtsinje wa Kafue, nsomba n'kufa, mipopi ya madzi n'kutsekedwa.

Azungu ndalama zawo zambiri zapita ku mankhwala, sukulu ndi chakudya pa nthawi ya njala, zinthu zosajambulika bwino koma zopulumutsa miyoyo. Madola 350 miliyoni a MCC, bungwe la thandizo la boma la America, anakonza siteshoni ya magetsi ya Nkula A n'kumanga mawaya akuluakulu ochokera ku Phombeya kufika ku Nkhoma. Koma thandizo lawo limabwera ndi malangizo, ndipo ena mwa malangizowo anatipweteka. Isanadze njala ya 2002, IMF inalangiza boma kuti lichepetse chimanga chosungidwa m'nkhokwe za dziko. Malangizowo anali olakwika. Koma amene anagulitsa pafupifupi chimanga chonse, china mwachinyengo kwa anthu odziwana ndi andale, anali Amalawi anzathu. Anthu anafa ndi njala chifukwa cha zolakwa ziwirizo pamodzi.

Ndimamva kuti China ikutikola ndi ngongole kuti idzatilande dziko. N'zoona?

Kuno kwathu ziwerengero sizikunena choncho. Ngongole yathu yaikulu yakunja ili ku World Bank, IMF ndi African Development Bank. Imene yatifinya kwambiri posachedwapa ndi ya mabanki a malonda a mu Africa momwe muno, Afreximbank ndi TDB, yomwe chiwongola dzanja chake n'chokwera. Yoposa zonsezi ndi ngongole ya m'dziko momwemuno, imene boma limatenga ku mabanki athu. M'mabajeti aposachedwa, chiwongola dzanja chokha chikudya ndalama zochuluka kuposa zimene zimapita ku zaumoyo.

Ku Zambia nkhani ndi ina. China inali wobwereketsa wamkulu pakati pa maboma, ndipo dzikolo litalephera kubweza ngongole mu November 2020, panapita zaka zoposa ziwiri kuti mgwirizano wokonzanso kabwezedwe ka ngongole ya madola 6.3 biliyoni upezeke mu June 2023, chifukwa obwereketsa ankakankhirana kuti ayambe kutaya ndani. Komabe ngongole imene Zambia inalephera kulipira tsiku limenelo inali ya Eurobond, yochokera ku misika ya azungu.

Mu 2006 Malawi anakhululukidwa ngongole zambiri zakunja. Zaka 20 zisanakwane tabwerera m'dzenje lomwelo. Funso lofunika ndi lakuti anavomereza ngongolezo ndani, pa mfundo zotani, ndipo ndalamazo zinagula chiyani.

Bwanji tsopano aliyense akukamba za njanji ndi migodi?

Chifukwa mwala ukakumbidwa umafunika njira yopita ku doko, ndipo mwini njira amakhala ndi mawu pa komwe mwalawo upite. America ndi European Union akuika ndalama pa njanji ya Lobito, yochokera ku gombe la Angola kulowa ku DRC, ndi cholinga choti idzafike ku Zambia. A Biden anapita okha ku Angola mu December 2024. China yayankha ndi mgwirizano wa madola 1.4 biliyoni wokonzanso TAZARA. Ina ikukokera kopa kumadzulo, ina kummawa. Ife tili ndi njanji ya Nacala, imene kampani ya Vale ya ku Brazil inamanga kudutsa m'dziko muno ponyamula malasha a ku Moatize.

Miyala nafenso tili nayo: uranium ku Kayelekera, rutile ndi graphite ku Kasiya, rare earths ku Kangankunde ndi ku Songwe Hill, niobium ku Kanyika, mchenga wa mtengo wapatali ku Makanjira. Ambiri mwa makampani amene ali pamalowa ndi a ku Australia, ena a ku Canada ndi ku China.

Phunziro tili nalo kale. Mu mgwirizano wa 2007 ndi kampani ya Paladin, boma linatenga gawo la 15 peresenti mu mgodi wa Kayelekera, koma linatsitsa msonkho wa pa mwala kuchoka pa 5 peresenti kufika pa 1.5 kwa zaka zitatu zoyamba. Mgwirizanowo unabisidwa kwa zaka. Mgodi unatsekedwa mu 2014 mtengo wa uranium utagwa, ndipo mu 2015 bungwe la ActionAid linawerengetsa kuti dziko linataya madola 43 miliyoni pa misonkho. Mgodiwo watsegulidwanso mu 2025 pansi pa kampani ina. Yerekezani ndi Botswana, imene inakhala pansi ndi De Beers, kampani yokumba daimondi, n'kugawana kampani ya Debswana pakati ndi pakati, ndipo nthawi iliyonse mgwirizano ukatha imakokera gawo lake m'mwamba. De Beers sinachite zimenezo chifukwa cha chifundo. Inakumana ndi akuluakulu a boma odziwa ntchito, amene sankasinthidwa chisankho chilichonse.

Tingolowa BRICS basi, tisiyane ndi dola?

BRICS, gulu la Brazil, Russia, India, China ndi South Africa, ikukula ndithu. Egypt, Ethiopia, Iran ndi United Arab Emirates analowa mu 2024, Indonesia mu 2025. Dandaulo lawo ndi lomveka: mayiko asanu okha ndiwo ali ndi mphamvu yokana chigamulo ku Security Council, nthambi ya United Nations yoona za chitetezo, ndipo Africa yense alibe mpando wokhazikika ngakhale wakhala akupempha iwiri kuyambira 2005. Koma BRICS ilibe ndalama yakeyake, ndipo India ndi China anamenyana pa malire awo mu 2020, asilikali n'kufa. Vuto lathu la forex ndi lakuti timagula kunja zochuluka kuposa zimene timagulitsa, ndipo fodya ndiye akutinyamulabe. Dziko lopanda chogulitsa lisowa yuan, ndalama ya ku China, monga momwe likusowera dola.

Paja amati njovu zikamamenyana wovutika ndi udzu. Dziko laling'ono ngati lathu lingachitenji?

Mwambiwo ndi woona pa nkhondo, koma pa malonda ndi pa ndale za mayiko umatiphunzitsa kugonja msanga. Ogula akachuluka, wogulitsa amakhala ndi mpata wonenerera mtengo. India imagula mafuta ku Russia uku ikuchita mgwirizano wa chitetezo ndi America. Indonesia inaletsa kutumiza kunja nickel wosayenga mu 2020, makampani n'kukakamizika kumanga mafakitale komweko. Zimbabwe inachita chimodzimodzi ndi lithium mu 2022. Ngakhale ifeyo, mu March 2022 tinavota ku United Nations kudzudzula Russia pa nkhondo ya ku Ukraine, pamene South Africa, Mozambique, Zimbabwe ndi Tanzania sanavotere mbali iliyonse. Chaka chotsatira tinalandirabe matani 20,000 a fetereza waulere wochokera ku Russia.

Mpata ulipo. Koma umapindulira dziko limene likudziwa chimene likufuna, lotumiza ku zokambirana anthu odziwa malamulo ndi masamu, amene akudziwanso kuti akabwerako aphungu ndi atolankhani awerenga chimene asaina.

Kugawikana kwathu pa zigawo ndi mitundu kukulowa bwanji m'nkhani ya mayiko akunja?

Kukulowa pakatikati penipeni. Mu 1994 a Bakili Muluzi anapeza 47 peresenti, Kamuzu 33, a Chihana 19, ndipo mukaika zotsatirazo pa mapu mumaona kummwera, pakati ndi kumpoto. Mizu yake ndi yakale. Mu 1968 Chitumbuka chinachotsedwa pa wailesi ndi m'sukulu, ndipo mu 1989 aphunzitsi ochokera kumpoto anabwezedwa kwawo. Ife olankhula Chichewa tisamadabwe abale athu akumpoto akamakumbukira zimenezi. Maboma a matipate nawo sanachize bala. Ulamuliro wa DPP unkanenedwa kuti maudindo akupita kwa anthu a ku Thyolo, Mulanje ndi Phalombe. Nduna zoyamba za a Lazarus Chakwera mu 2020 zinadandaulitsa anthu chifukwa zambiri zinali za chigawo chapakati, ndipo munali bambo ndi mkazi wawo, komanso munthu ndi mlongo wake.

Kuopsa kwake ndi uku. Munthu akaba ndalama za boma, funso loyamba limakhala lakuti kwawo n'kuti. Akakhala wakwathu timati akumulonda, akakhala wakwina timati amangidwe lero. Wakuba amadziwa zimenezi, ndiye akagwidwa amathamangira kwa mafumu, ku chipani ndi ku gulu la mtundu wake. Kampani yakunja yofuna mgodi kapena kontrakiti ya mafuta imaonanso zomwezo. Sifunika kukhutiritsa dziko lonse, ingofunika kupeza anthu atatu kapena anayi oyandikira mpando. Ndipo boma likasintha, akuluakulu a m'maunduna ndi m'makampani a boma amasesedwa, odziwa mbiri ya zokambirana n'kupita nayo kunyumba.

Magule, zilankhulo ndi miyambo ya Kulamba, Umthetho kapena Mulhako ndi chuma chathu, ndipo ndilibe nazo vuto. Vuto limayamba pamene mwambo wasanduka mzere wolandirira maudindo.

Koma si paja lamulo la 50+1 linathetsa zimenezi?

Linathandiza, ndipo tiyenera kunyadira mmene linabwerera. Pa 3 February 2020 majaji asanu anafafaniza chisankho cha 2019 chimene zotsatira zake zinafufutidwa ndi Tipp-Ex, ndipo anati wopambana azipeza mavoti oposa theka. Kale munthu ankalowa ku State House ndi 36 peresenti, monga zinachitikira mu 2014. Tsopano palibe amene angapambane ndi chigawo chake chokha.

Koma lamuloli limakakamiza migwirizano ya atsogoleri, osati ya mfundo. Mgwirizano wa Tonse unapambana ndi pafupifupi 59 peresenti mu June 2020, koma zimene a Chakwera ndi a Saulos Chilima anapangana zinali zachinsinsi, ndipo unatha mowawa.

Chimene chimandipatsa chiyembekezo ndi china. Mu 2009 a Bingu anapeza 66 peresenti m'zigawo zonse chifukwa anthu anakolola. Pa 16 September 2025 a Peter Mutharika anapeza pafupifupi 57 peresenti, ena mwa mavotiwo ochokera kunja kwa chigawo chawo, chifukwa anthu anatopa ndi mizere ya mafuta ndi kukwera kwa mitengo. Mu 2020 anthu omwewo anali atawachotsa. Mmalawi amatha kuvota poyang'ana m'thumba ndi m'nkhokwe, ndipo maboma awiri otsatizana alangidwa motero.

Mayiko olemerawo ndiye ndi ogwirizana?

Ayi. Pa 6 January 2021 anthu anathyola nyumba ya malamulo ya ku America pokana zotsatira za chisankho. Britain inagawikana 52 kwa 48 pa nkhani yotuluka mu European Union mu 2016. Ku South Africa ANC inatsika kufika pa 40 peresenti mu 2024 n'kukakamizika kugawana boma. Kugawikana kwawo kumatipweteka ife, chifukwa chimene pulezidenti wina walonjeza, womutsatira amachifafaniza. N'chifukwa chake mankhwala a anthu athu sayenera kudalira mmene anthu a ku Pennsylvania ku America avotere.

Marifomu takhala tikuwamva kuyambira kale. Amalephera pati?

Amalephera pamene afika pa anthu amene akudyerera dongosolo lakale, chifukwa anthuwo ndi omwewo amene amapatsidwa ntchito yolisintha.

Cashgate itaululika mu 2013, mabiliyoni atatuluka ku Kapitolo kulipira makampani amene sanagwire ntchito iliyonse, mayiko otithandiza anasiya kuika ndalama mu bajeti. Mu 2015 boma linakhazikitsa marifomu motsogozedwa ndi a Chilima, maunduna n'kusainira malonjezo. Zina zinatheka, monga chiphaso cha unzika cha 2017. Mu 2021, K6.2 biliyoni ya Covid-19 itasakazidwa, yambiri pa ma alawansi, a Chakwera anapatsanso a Chilima ntchito younika ma alawansi, kagulidwe ka katundu wa boma ndi makontrakiti a ntchito. Lipoti linaperekedwa mu May chaka chomwecho, koma boma silinalitulutse kuti eni ndalama aliwerenge. Mu December 2022 apolisi anakagwira mkulu wa bungwe lothana ndi ziphuphu la ACB, mayi Martha Chizuma, mbandakucha kunyumba kwawo. Wogwira ntchito m'boma aliyense anamva uthenga wa tsiku limenelo.

Palinso zimene aphungu anachotsa m'malamulo aakulu a dziko. Ndime 64, yopatsa anthu mphamvu yochotsa phungu wawo nthawi isanakwane, inafafanizidwa mu 1995. Nyumba ya Senate, momwe mukanakhala mafumu ndi oimira magulu osiyanasiyana, inachotsedwa mu 2001 isanakhale n'komwe. Ndime 65 yoletsa kudumpha chipani ilipo, koma imagwira ntchito pokhapokha zikakomera olamula. Makhansala anasankhidwa mu 2000, nthawi yawo itatha mu 2005 dziko linakhala opanda makhansala mpaka 2014. Zonsezi zinachotsa maso a anthu wamba pa olamula, ndipo zipani zonse zikuluzikulu zinatengapo mbali.

Mwina demokalase ndiyo yatichedwetsa. Bwanji tipeze mtsogoleri wa dzanja lolimba ngati ku Rwanda kapena ku China?

Ndimamvetsa kumene funsoli likuchokera. Munthu amene wagona pa filing'i siteshoni kudikira mafuta, akaona misewu yoyera ya ku Kigali, kapena akamva kuti China inatulutsa anthu pafupifupi 800 miliyoni mu umphawi wadzaoneni, mtima umapita komweko.

Koma dzanja lolimba tinakhala nalo. Mu May 1983 a Dick Matenje, a Aaron Gadama, a Twaibu Sangala ndi a David Chiwanga anaphedwa ku Mwanza, dziko n'kuuzidwa kuti inali ngozi ya galimoto. A Orton Chirwa anafera m'ndende ya Zomba mu 1992. Ndipo Kamuzu pochoka anasiya dziko lili m'gulu la osaukitsitsa. A Mobutu analinso ndi dzanja lolimba, anasiya Congo ili bwinja. Mukapereka mphamvu zonse kwa munthu mmodzi simusankha kuti akhala wotani, ndipo akalakwa mulibe pomuchotsera. Chimene chinakweza China ndi boma lokhoza kutolera msonkho, kulemba ntchito anthu okhoza mayeso ndi kumaliza chimene layamba. Botswana ndi Mauritius anachita zomwezo akuvota mwaufulu.

Ndiye tiyambire pati?

Ine ndingayambire pa zinthu zosafuna ndalama za wina aliyense wakunja.

Mgwirizano uliwonse wa mgodi, wa ngongole, wa mafuta kapena wa fetereza uzisindikizidwa wonse usanayambe kugwira ntchito, posayang'ana kuti kampaniyo ndi ya ku Perth, ku Beijing kapena ku Dubai. Kampani yoona mtima siopa kuwerengedwa.

Mphamvu za pulezidenti posankha anthu zichepe. Mkulu wa ACB, wa Reserve Bank, wa MRA, alembi aakulu a maunduna ndi mabodi a makampani a boma azilowa ntchito atapikisana poyera, ndipo asamachotsedwe chifukwa boma lasintha. Pafupifupi aliyense wofuna mpando amalonjeza zimenezi pa kampeni. Tiziwafunsa tsiku ndi nambala ya bilu.

Ndalama zitsike ku makhonsolo. Ndondomeko ya 1998 inati 5 peresenti ya ndalama zimene boma latolera izipita kumeneko, koma kwa zaka zambiri sizinafikepo. Abale amene akufuna ulamuliro wa federo ali ndi dandaulo lenileni, lakuti chilichonse chimagamulidwa ku Lilongwe. Kaya tidzafika ku federo kaya ayi, munthu wa ku Chitipa kapena ku Nsanje akamaona msonkho wake ukugwira ntchito kwawo, sadzafunikanso kupempherera kuti pulezidenti akhale wa mtundu wake. Khothi linagamula kale mu 2025 kuti aphungu asamayendetse ndalama za CDF, thumba la chitukuko cha m'madera awo, chifukwa ntchito yawo ndi kupanga malamulo ndi kulondera boma.

Lamulo la zipani la 2018 limaletsa kugawa ndalama pa kampeni ndipo limafuna kuti zipani ziziulula amene wazipatsa ndalama zochuluka. Litsatidwe, pakuti amene walipira kampeni mwachinsinsi ndi amene amadzalandira kontrakiti.

Inuyo panokha muli ndi chida chimene makolo athu analibe. Lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza nkhani za boma linayamba kugwira ntchito pa 30 September 2020. Mukhoza kulembera khonsolo yanu kufunsa kuti mlatho wa kwanu anapatsidwa ndani, pa ndalama zingati, ndipo unayenera kutha liti. Lembani ngati gulu, kudzera ku VDC, ku mpingo, ku mzikiti kapena ku kalabu ya alimi, sungani kope la kalatayo, ndipo akapanda kuyankha kadandauleni ku Malawi Human Rights Commission, imene lamulolo linaipatsa udindo woonetsetsa kuti likutsatidwa.